Lilime la a Maliko

Pa Mitundu panali munthu wolawa magetsi. Sindikunena zoyeza ndi kabokosi ka singano kaja amanyamula amakaniko a m'tauni, ayi. Ndikunena kulawa, monga mayi alawira mchere m'ndiwo. Dzina lawo a Maliko, ndipo poti anali msuweni wanga, ndili ndi ufulu wowanena ngakhale ali kumanda.

Ine ndinali telala, makina anga pakhonde la golosale, moyang'anizana ndi pomwe iwo ankakonzera magalimoto. Ikabwera ya vuto la magetsi, ankasenda kawaya, dzanja limodzi n'kugwira chitsulo cha galimoto, kawaya kaja n'kuika palilime. Akakwinya nkhope ndiye kuti moto ulipo. Akangoti duu ngati akulawa phala la dzulo, ndiye kuti moto wathera m'njira. Ankati magetsi amayenda ngati uthenga wa maliro, khomo ndi khomo. Ukapeza banja lomwe silinamve, usakalipire mudzi wonse, bwerera ukafunse khomo lomaliza kumva. Zoipa zake, lilime lija ankapita nalo kunyumba. Ndiwo za akazi awo a Zipora ankaziweruza kuti zilibe moto, mpaka mayiwo anawalonjeza kuti tsiku lina adzawaphikira batire yothira nsinjiro.

Masiku amenewo anyamata a chipani ankayendera makhadi pamsika. Wina anawapeza a Maliko atawerama pa injini ikulira, nafuna kuona khadi. Iwo anavomera mwaulemu wonse, nangopempha kuti awagwirireko kachingwe ka pulagi kuti apise m'thumba. Mnyamatayo analumpha ngati wakhalira mavu. Tonse tinayang'ana pansi, poti kuseka kunali kodula nthawi imeneyo. A Maliko anapepesa, natulutsa khadi lawo labwinobwino, koma wofunsa uja anali atafika kale kogulitsa nkhuku.

Chimene lilime limenelo linali lisanalawepo ndi mawu akuti ndalakwa. Galimoto ikabwerera ndi vuto lomwelo, wolakwa anali dalaivala, kapena msewu, kapena amene anaipanga kutsidya kwa nyanja.

Ndiye chilala chachikulu chija chisanafike, kachipatala kena ka mishoni kuseri kwa Nathenje kanalandira galimoto yatsopano yoyera. M'zakale zija, pofuna kuti matayala onse anayi akoke m'matope, unkakoka chitsulo ndi dzanja. Iyi inali ya batani: ungodina, kanyali kobiriwira kayaka, basi fowilo yalowa. Woyendetsa anali Davide, bambo wa ana odzaza mphasa. Mkulu wa chipatalacho anali a Rozina, namwino wosaseka pantchito. Amene anapereka galimotoyo anasiya lamulo loti ndi ya odwala okha. Dalaivala wonyamula maliro, ntchito yatha.

Dzinja litafika, fowilo inayamba misala. Lero ilowa, mawa kanyali kangophethira. Tsiku lina galimoto inatitimira m'dambo ili ndi mayi wapakati, ndipo anachita kumutulutsamo pa ngolo. A Rozina anamuuza Davide kuti zikapezeka kuti ndi kusasamala kwake, atule makiyi. Mayiwo anabwera nayo eni ake, Davide akuyendetsa, kwa a Maliko, omwe ankasamala magalimoto a chipatalacho kuyambira kale ndipo ankanyadira zimenezo kuposa ana awo. Mayiwo anakhala pabenchi langa, chikwama pamiyendo, kudikira chigamulo.

A Maliko anayambira pa fyuzi, napeza ili moyo. Analawa kuseri kwa batani, nakwinya nkhope. Anatsata waya kutsika naye pansi pa mpando, kulawa, kukwinya, mpaka anakwawira kunsi kwa galimoto, pomwe mawaya amalumikizana ndi kamota kolowetsa fowilo. Mbali ino ya cholumikiziracho moto unalipo, mbali inayo zii. Atatsegula anapeza m'kati monyowa, mobiriwira ngati ndere. Ananyambita. Kenaka anandiitana kuti ndiwapatsire kansanza. Nditawerama anandinong'oneza.

“Sopo, msuweni. Matope a m'dambo sakhala ndi sopo.”

Ngakhale ine wa Sitandade 4 ndinamva. Kwathu kuno galimoto ikatula maliro sichoka choncho. Adzukulu amaitsuka, ndipo pofuna kuthokoza amakhuthulira ndowa za thovu paliponse, kunsi komwe. Davide ankati munthu akamwalira pachipatala Lamlungu, abale ali kakasi ndi njinga yokha, iye n'kuwaperekeza mobisa pa galimotoyo. Ndinamuyang'ana ataima potero.

A Maliko anatuluka, nadzisasa fumbi mosafulumira.

“Mwapeza chiyani, bambo?” anafunsa a Rozina.

“Madzi, amayi. Analowa polumikizira mawaya.”

“Analowa bwanji m'galimoto yatsopano?”

“Ndi ine. Pothira girizi ulendo watha uja ndinatsegulapo, n'kuiwala kubwezera kamphira kotchinga madzi.”

“Inuyo, a Maliko, kuiwala?”

“Ukalamba, amayi.”

A Rozina anawayang'ana, nayang'ananso Davide. Kenaka ananena mosakweza mawu kuti ngati zili choncho, magalimoto a chipatala azipita m'tauni, chifukwa moyo wa odwala sungadalire munthu woiwala. A Maliko anati ndi zoona. Anabwerera kunsi, napala ndere ija ndi sanipepa, napaka girizi, nakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Davide atadina batani, kanyali kanayaka osaphethira.

Patapita masiku Davide anabwera ndi tambala kukhwapa. A Maliko anamukalipira ngati mwana, namuuza kuti adzukulu azitsuka pamwamba pokha, kunsi kulibe maliro. Tambalayo analandira, nadya, nadandaula sabata yonse kuti anali wowonda.

Koma mbiri inayenda. Pa Mitundu mawu sagona m'nyumba, ndipo posachedwa eni malole a fodya anayamba kulambalala, amvekere mkuluyu wayamba kuiwala. Ine ndinawapatsa dzina loti a Ukalamba, iwo n'kumandiyankha kuti ndisoke zigamba ndisiye za amuna. Galimoto yoyera ija ikamadutsa kupita m'tauni, ankaipatsa msana, koma khutu lili tcheru, kenaka n'kung'ung'udza kuti ana a m'tauni aja aimangitsa lamba wa injini. Ndinawafunsapo ngati sizikuwawawa. Anati zikuwawa kwambiri, ndipo ndikadzauza munthu adzandisokera pakamwa ndi makina anga omwe.

Anadwala mvula yotsatira chilala chija, namwalirira pachipatala chomwecho. Msewu unali phala lokhalokha. Tili mkati mofunsana za ngolo, a Rozina anatuluka mu ofesi, naitana Davide pamaso pathu, namupatsa makiyi.

“Aperekezeni bambowa kwawo. Kwa amene anapereka galimotoyi ndikayankha ndine. Koma muwauze adzukulu, sopo kunsi ayi.”

Davide analandira ndi manja awiri, osadzutsa mutu. Ine ndinakwera kumbuyo ndi a Zipora, ndipo m'dambo muja tinadutsa ngati pamsewu wa tala.

Lero pamalo paja ankakonzerapo a Maliko amayi amayalapo tomato, poti udzu sumera ndi oyilo wa zaka zonsezo. Amakaniko alipo, anyamata aulemu ndithu, koma galimoto ikavuta amangosintha ichi, kusintha icho, mpaka vuto litatopa lokha. Ife akale timadutsapo mwachangu. Tinazolowera kupereka moni kwa mapazi awiri otulukira kunsi kwa galimoto, mapaziwo n'kuyankha mwachipongwe, ndiye pamsika pamaoneka ngati pakula.

Davide anagwira ntchito mpaka kupuma, ana ake onse anaphunzira. Koma mukafunsa pa Mitundu, okumbukira a Maliko adzakuuzani kuti anali katswiri, kungoti chakumapeto ankaiwalaiwala. Zaka zonsezi ndikamva zimenezo ndinkangopalasa makina mwamphamvu kuti phokoso lindiyankhire. Tsopano a Rozina anatsogola, ndipo palibenso ntchito ya munthu yoti ingathe. Ndiye mumve kwa ine: mkulu ameneyo kamphira sanaiwale.