Njiri Imene Inameza Foni ya Apongozi Anga

Ndani waseka? Iwe wa kapusi yofiira, ndakuona, usabisale kumbuyo kwa mnzakoyo. Wati chiyani? Kuti masiku ano kusaka ni kwa foni, ife madala tizingokhala pansi kudikira manda? Zimitsa kanthu kakoko undiyang'ane kumaso. Ine ndine Sakala, ndinabwera muno mu Livingstone kuchokera ku Katete msika wa Maramba uno usanakhale ndi denga, ndipo nyama zimene ndapha ine, utaziika pamzere, yoyamba ingamamwe madzi mu Zambezi yomaliza ikadali ku Zimba. Chiyambire m'mawa mwakhala pano pokonzera mafoni mukukangana ngati nkhuku kuti mapu abwino osakira nyama ndi ati, awa kapena awo, chonsecho palibe mmodzi wa inu amene anaphapo ngakhale mbewa. Ine mapu anu onse awiriwo ndinawayesa tsiku limodzi, pa nyama imodzi, ndipo anatsala pang'ono kundiphera mwana ndi mdzukulu. Amene akuti ndikunama aimirire pompano. Palibe? Tsekani pakamwa tsono.

Panali mayi wina wamasiye, bina Mutinta, mnzawo wa akazi anga wa kutchalitchi, amene anali ndi munda kunja kwa tauni, njira ya Nakatindi. Njiri inamulowera m'mundamo. Sindikunena tinjiri timene mumationa tikudya kapinga wa kumaloji ayi, ndikunena njiri imene inayamba ndi chimanga, chimanga chitatha inadya mapesi, mapesi atatha inadya mpanda ndi waya wake womwe, kenako inagwada n'kuyamba kudya dothi la mundawo mpaka pamene panali mizere panasanduka damu, anthu n'kumawedzapo nsomba. Mayi uja analira pakhomo panga, ana ake atam'gwira chitenje, alibe poyambira. A zanyama anapita kukaona, anapeza phazi limodzi lokha, wina anagweramo n'kuthyoka mwendo, ndipo anabwera okha kudzandipatsa chilolezo atavula zipewa. Mukumva?

Ndikanapita ndekha, bwenzi nkhani yonseyi itatha dzuwa lisanatenthe. Koma munthu ukakwatitsa mwana wamkazi umadzigulira mavuto. Apongozi anga, Ba Mwiinga, mwamuna wa mwana wanga Misozi, woyendetsa takisi amene thengo amalionera pawindo, anati nawonso apita. Anabwera ndi mnzawo, Ba Sitali, wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, munthu amene nyama zonse zimene amazidziwa ndi zamtengo. Aliyense foni m'manja, chifuwa patsogolo.

"Apongozi, manje zinthu zinachinja," anatero Ba Mwiinga. "Iyi mapu yanga imakamba. Muli mukazi mukati, amakuuzani pokhota."

"Awe, iyo ni ya matakisi chabe," anatero Ba Sitali. "Yanga ndiye ya osaka. Imaonetsa thengo lonse kuchokera kumwamba, na mphepo kumene ichokera, netiweki siifuna na pang'ono."

Anakangana m'galimoto, anakangana potsika, anakangana tikulowa m'thengo, wina akuti yako imadya bandulo, wina akuti yako imadya batire, wina akuti yanga imakumbuka pamene wadutsa, wina akuti yanga imadziwa pamene sunadutse, phokoso lake mbalame zonse za m'deralo zinasamuka osatsanzika. Mkazi wa m'foni ya Ba Mwiinga, ndi Chizungu chake cha m'mphunocho, titangosiya msewu anayamba kutilamula kuti bwererani, bwererani, bwererani, ngati tamubera kanthu. Kamuvi ka pa foni ya Ba Sitali kankalumbira kuti mphepo ikuchokera kum'mawa, pamene malaya anga akuuluka kulowera kum'mawa komweko. Ndinawauza. Anandiyankha kuti malaya anga ndi akale.

Tili mkati mwa thengo netiweki inatha, mkazi uja anangoti zii. Ba Mwiinga thukuta kamukamu, akuzungulira foni ili m'mwamba ngati akuitana mvula. Ba Sitali anaseka mpaka misozi, n'kuloza pa chithunzi chawo chija kuti taonani, patsogolopa pali chulu chachikulu, kwerani pamenepo mwina mkazi wanuyo adzuka. Chulucho tinachipeza, chachitali ngati nyumba yosanja, mitengo itamera pamwamba pake, njuchi zitamanga m'mbali. Ine ndinangonunkhiza kamodzi. Ndinati amuna inu, chulu sichinunkha chimanga, chulu sichipuma, chulu sichikhala ndi nkhupakupa. Ba Sitali anandiika foni pamphuno penipeni kuti ndione ndekha kuti mapu alemba kuti ndi chulu. Mapu alemba! Mukumva mwano wake? Munthu wa imvi ngati ine, kutsutsidwa ndi chithunzi chojambulidwa ndi munthu amene sanapondepo pamalopo!

Anakwera onse awiri. Atafika pamwamba foni inalira kuti netiweki yabwera, Ba Mwiinga anadumpha ndi chimwemwe, ndipo pamene chidendene chawo chinatera m'pamene chulu chinatsegula diso.

Inadzuka njiri ija, abale anga, mitengo ikuzuka pamsana pake, miyala ikugubuduka, Ba Sitali anaponyedwa m'mwamba n'kukakodwa pansonga ya mlambe, Ba Mwiinga anatsetsereka pamphumi pake n'kulendewera pa dzino ndi lamba wa buluku, foni inapulumuka m'manja mwawo nthawi yomwe chinyamacho chinkayasamula tulo, n'kulowa kukhosi osakhudza lilime. Ine ndinali nditaloza kale mfuti yanga ya gogodela. Ndinawomba. Chipolopolo chinamenya njerewere ya pankhope pake, chinabwerera njira yomwe chinadzera, n'kulowanso mumpope wa mfuti, mfuti n'kung'ambika pakati ngati nzimbe. Ndinatsala ndi manja okha.

Pamenepo m'mimba mwa njiri munamveka mawu a mkazi uja, okoma, osatekeseka, akuti pitani molunjika, kenako mukhotere kumanja. Njiri inaima. Chibadwire sinamvepo mimba yake ikulankhula. Inayesa kuti ndi mzimu wa make, inagwedeza mutu mwaulemu mpaka Ba Mwiinga anagwa pansi, inaimika mchira, n'kutembenukira kutauni.

"Apongozi!" analira Ba Mwiinga ali chagada m'fumbi. "Nenze nayopa, nayiuza kuti inipeleke kunyumba!"

Kunyumba. Mukudziwa kunyumba kwawo kunali ndani? Misozi, mwana wanga, ndi khanda limene linali lisanathe n'komwe mwezi, ndipo nthawi imeneyo ya m'mawa ankakonda kuyala mphasa pabwalo kuti mwana aothe dzuwa. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, waopa thengo, m'malo monena kuti apongozi tiyeni tibwerere, wanong'oneza foni, ndipo tsopano phiri la mano likupita pakhomo pake ndi wolilondolera njira! Ndinalibe nthawi yowatukwana. Ndinadumpha, ndinagwira ubweya wautali wa pakhosi pa njiri, ndinakhala pamsana. Tikunyamuka ndinamva Ba Sitali akukuwa ali mumlambe muja kuti tisade nkhawa, pa mapu awo chulu chikadali pomwepo.

Liwiro lake musandifunse. Tinatulukira pamsewu wa Nakatindi, tinapitirira maminibasi ngati aimikidwa pamiyala, mphepo inandimeta ndevu mbali imodzi, chithunzithunzi changa chinalephera kutitsata n'kutsalira ku Dambwa, chinachita kubwera chokha mawa lake wapansi chitatupa mapazi. Mkazi uja akuti khoterani kumanzere, njiri ikukhota, akuti pitirirani, njiri ikupitirira. Tinalowa mu Mosi-oa-Tunya Road dzuwa litangokwera pang'ono, alonda a m'mabanki anathawira m'kati n'kudzitsekera, azungu anatulutsa makamera akuyesa ndi mwambo wathu wolandirira alendo, ndipo pa Mukuni Park mvuu zamtengo, akadyansonga amtengo ndi njovu zamtengo zinadumpha pamatebulo n'kukwera m'mitengo, zina mpaka lero sizinatsike. Ukuseka chiyani iwe? Pita ukaone!

Ndinawerama n'kulowetsa mutu m'kamwa mwa njiri, pakati pa mano aja, ndinakuwira mkaziyo kuti mayi, sinthani njira, kumene mukupitako kuli khanda. Ndinanena m'Chichewa, sanamve. Ndinanena m'Chitonga, sanamve. Ndinayesa Chilozi chimene ndinaphunzira kwa asodzi, ndipo mukudziwa anandiyankha chiyani? Kuti wandipezera malo abwino odyera pafupi. Malo odyera! Mdzukulu wanga ali pamphasa, iye akundifunira malo odyera! Amenewo ndiwo mapu amene iwe wa kapusi wakhala ukuwatamanda m'mawa wonse.

Panjanji tinapeza sitima ya katundu itatseka njira, yaitali yosaoneka mutu. Ndinati Mulungu wandimva. Koma mkazi uja anangoti pitani molunjika, ndipo njiri inapinda miyendo n'kulumpha, tinakwera kupitirira sitima, kupitirira mawaya a magetsi, kupitirira akabawi, mpaka ndinaona utsi wa mathithi uko ndi madenga onse a Maramba pansi panga. Ndipo pakati pa madengawo ndinaona bwalo limodzi, mphasa imodzi, Misozi atakhala chotambalala akumupukuta mwana kumaso ndi nsonga ya chitenje, osadziwa kanthu. Ndakumanapo ndi mikango ine, ndagonapo m'kamwa mwa ng'ona kubisala mvula, koma mantha ndinawadziwa tsiku limenelo, m'mwamba muja.

M'mwamba momwemo ndinazindikira chinthu. Pamene tinkakwera, mawu a mkazi uja ankakulirakulira, ndipo nditacheuka ndinaona mchira wa njiri uli njo, wowongoka, ukunjenjemera kunsonga. Mumadziwa inu kuti njiri ikamathamanga imaimika mchira. Mchirawo ndi umene unkakoka netiweki! Palibe mapu amene anandiuza zimenezo, ndinaona ndekha, ndi maso awa. Titangotera ndinatembenuka chafutambuyo, ndinakwawa pamsana ponse tikudutsa pakati pa nyumba za anthu, nkhuku zikuuluka, mabeseni akugubuduka, ndinaugwira mchira uja ndi manja awiri, unali wolimba ngati chitsulo cha njanji, ndinaukoka, unakana, ndinauluma, mano awiri awa amene mukuona kuti palibe anatsalira pomwepo, ndinaukhalira ndi thupi lonse mpaka unapindika, ndinavula lamba n'kuumangirira kumwendo wakumbuyo. Mkazi uja anali pakati pa mawu akuti mwatsala pang'ono kufika. Anathera pomwepo.

Njiri inaima, fumbi linatipitirira. Litatsika ndinaona kuti tili pakhonde la anansi a Misozi. Iye anali ataimirira pachipata, mwana atam'kumbatira pachifuwa. Mpweya wa m'mphuno mwa njiri unkamuulutsa duku. Chinyamacho chinatchera makutu, chikudikira kuti mzimu wa make unenenso, ndipo ndinkaona kuti chikayamba kukayika chipita chokha kutsogolo.

Ndinatsetsereka m'mbali mwake. Ndinagunditsa pakamwa panthiti zake, ndinadzitsina mphuno, ndipo ine Sakala, mwamuna amene mawu ake amathyola nthambi, ndinalankhula ndi kamawu kachikazi, Chizungu chimene sindinaphunzirepo chikungotuluka chokha. Ndinati bwererani. Inabwerera. Ndinati khoterani kumanja. Inakhota. Ndinayenda nayo choncho, mlomo uli panthiti, buluku ndikuligwira ndi dzanja limodzi poti lamba ndinalibe, anthu a Maramba akutsatira m'mbuyo mwakachetechete ngati maliro, mpaka kuseri kwa msika uno kumene amaphera mbuzi. Ndinati mwafika. Inagwada. Ndinaimenya chibakera chimodzi pakati pa maso, ndipo kugwa kwake masikelo onse a mumsika anasokonekera, n'chifukwa chake mpaka lero kapenta wa muno amakucheperani.

Maramba yense anadya. Bina Mutinta tinam'patsa mwendo wathunthu, unachita kupita pa thirakitala, ndipo dothi la munda wake tinalipeza m'mimba momwemo, tinam'bwezera lili ndi manyowa kale. Kenako kunatulukira Misozi. Anangobwera n'kundiika mwana m'manja, manja awa amene anali atangopha phiri, ndipo ndinakhala naye pansi.

Tsono imvani chimene chimandiwawa. Foni inatuluka m'matumbo ili moyo, ikufunsa kuti ulendo mwauona bwanji, tipatseni nyenyezi. Ba Mwiinga anafika madzulo wapansi, minga thupi lonse, sanafunse za mkazi wawo Misozi, sanafunse za mano anga, foni ija anaipukuta ndi malaya n'kuipatsa nyenyezi zonse. Mpaka lero amauza aliyense wokwera takisi yawo kuti mapu awo ndi amene anabweretsa njiri pamalo ophera. Ba Sitali, amene anachita kutsitsidwa mumlambe ndi makwerero, amauza azungu kuti mapu awo ndi amene anaipeza, poti ndiwo analoza chulu. Ine dzina langa silitchulidwa. Mukumva? Silitchulidwa!

Ndiye mukandifunsa kuti abwino ndi ati, ndikuuzani. Olankhulawo amamva Chizungu chokha ndipo angakuperekezeni kumanda mwaulemu. Achithunziwo amakuonetsani thengo la dzana, nyama ikupumirani m'khosi iwo akuti ndi chulu. Onse awiri muwaponye mu Zambezi. Mlenje weniweni njira imakhala kuphazi kwake, ndipo ine chibadwire sindinasocherepo, pamtunda kapena pamadzi, amene akutsutsa abwere andigwire ndevu.

Iwe wa kapusi, bwera kuno. Yatsa kanthu kako kaja. Misozi anasamukira ku nyumba zatsopano za uko kuseri kwa Libuyu, andiitana kukadya, ndipo chichokere kunyumba m'mamawa ndangozungulira n'kutulukiranso pamsika pano. Usandiyang'ane choncho. Ine sindinasochere. Ndi nyumbazo zimene anazimanga posayenera.