Msuzi wa Miyala ya Doña Rosaura

Dagoberto ankatchedwa Injiniya chifukwa tsiku lina anagwirirako makwerero munthu wokonza magetsi. Dzinalo linamulowa m'mutu, moti Loweruka lina pagolosale ya ku Olaya, mowa utayamba kulankhula, anakankhira madomino pambali n'kuyala pulani.

"Amwene, mverani dilu. Doña Rosaura, loya wa ku Manga uja, akusamutsa nsomba zake Lolemba. Wagula thanki lagalasi latsopano, lalikulu ngati basi. Za m'thanki lakale zonse zikhala m'ndowa, geti lili pululu, anyamata a kusitolo ya nsomba akulowa n'kutuluka atavala malaya abuluu. Amawerenga malaya abuluu ndani?"

"Ndiye tiba nsombazo?" anafunsa Wilfrido, yemwe aliyense ankangomuti Chimimba. "Zimakazingika?"

"Iwe nzeru zako zili m'matumbo. Nsomba zimafera panjira. Ife titapa miyala, aise. Miyala yamoyo, yomera makorali, tizamoyo ta m'nyanja tokongola ngati maluwa. Bigi wina wa hotela ku Bocagrande akuilira."

Eliécer, wowonda uja ankamuti Kamphepo, anagwedezera mutu ngati wamvapo kanthu.

Chimodzi chokha Injiniya sanatchule. Mkazi wake Yurleidis anali atamuuza kuti apolisi akadzangomugwiranso, atenga ana n'kubwerera kwawo ku Montería. Mayiyo sankabwereza mawu, ndipo Injiniya ankamuopa monga momwe ankamukondera. Koma shasha ngati iye angagwidwe ndi miyala?

Lolemba masana kwa Doña Rosaura kunali kalikiliki. Mapaipi anali mbwee, madzi amchere akale akusungidwa m'migolo, mwini nyumba akulamula ali chosavala nsapato.

"Inu atatu, ndowa izo zipite pabalaza," anatero atawaona ndi malaya awo abuluu. "Miyalayo isatuluke m'madzi, ndipo muvale magolovesi. Tobiriwira tomera pamwambato timapweteka."

"Musadandaule mayi, ntchito yathu imeneyi," anayankha Injiniya.

Ndowa zija zinadutsa pabalaza, n'kutulukira kukhitchini, mpaka m'ngolo ya njinga yamoto imene anabwereka. Panjira Injiniya ankaimba mluzu.

Kunyumba kwake kunalibe munthu: Yurleidis anali kumsika kogulitsa ma arepa, zitumbuwa za chimanga, Yeimi ndi ana enawo ali kwa azakhali awo. Atavundukula ndowa, maluwa aja kunalibe. Makorali anali atadzifinya ndi kukhutchumuka kwa ngolo, miyala ili yoderako, yoterera, ikununkha doko.

"Tavutikira zonyansa izi?" anadandaula Chimimba.

"Katundu amafuna kusamalira, mbuzi iwe. Wa hotela sangagule zonanda. Tiwiritse, zotererazi zichoke."

"Koma mayi aja anati timapweteka," anatero Kamphepo.

"Olemera amavala magolovesi podya mango."

Anakhuthulira miyala mumphika waukulu wophikira sancocho, msuzi wa nyama ndi chinangwa, ndipo Injiniya anatseka mawindo onse kuti aneba asamve fungo. Apa ndiye anadziona kuti ndi wochenjera kwabasi. Aliyense woweta nsomba za m'madzi amchere amadziwa kuti timakorali tobiriwira tija tili ndi poizoni, ndipo ukatiwiritsa poizoniyo amakwera ndi nthunzi. Injiniya ankadziwa za makwerero.

"Kafungo ngati ka nkhanu," anatero Chimimba, mphuno ili pamphika.

Anayamba kutsokomola ndi iyeyo. Posakhalitsa onse atatu maso anali psuu, thupi likutentha, chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Anatuluka chokwawa, Injiniya osaiwala kukhoma chitseko kuti mbava zingamubere miyala. Neba anawapakira m'ngolo yomwe ija n'kuthamangira nawo kuchipatala.

"Tadya nsomba yowola," ananong'ona Injiniya panjira. "Wonena zina, ndithana naye."

Dokotala wa kuchipatala, mayi wotopa ndi mabodza a odwala, anawamvetsera m'chifuwa n'kupukusa mutu.

"Nsomba yowola sitseka chifuwa. Mwapuma chiyani? Mukalimbikira bodzalo ndikupatsani mankhwala a m'mimba, zinazo mukafotokozera kumotchale."

Chimimba anayang'ana kudenga. Kamphepo, ngakhale milomo inali itayamba kuda, anatembenukira kukhoma. Amene anakweza dzanja ndi Injiniya.

"Adokotala, ndi miyala. Taiba kwa Doña Rosaura, ku Manga, geti loyera. Muwaimbire, akuuzeni mtundu wake. Chonde fulumirani."

Doña Rosaura atamva pafoni kuti miyala imene anailera zaka zambiri yaphikidwa, anatchula mtundu wa makoraliwo. Kenako anaimbira apolisi.

Yurleidis anafika dzuwa lisanalowe. Anayang'ana unyolo umene unamangirira dzanja la mwamuna wake kubedi, anayang'ananso wapolisi amene anakhala pambali. Injiniya anachotsa chopumira pakamwa, mtima utasungunuka ndi chisangalalo.

"Mayi a Yeimi, mwabwera kudzandiona."

"Ndabwera kudzatenga kiyi. Basi ya ku Montería inyamuka m'mawa, ndipo masutikesi mwawakhomera m'nyumba."

Wapolisi uja ndiye anapisa m'thumba la Injiniya n'kupatsa Yurleidis kiyiyo.