Douglas fir wa a Madamu

Anzanga, nkhaniyi lero ndimaseka, koma tsiku lakelo mumtima ndinali nditalongedza kale chikwama.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Barsha, kutsidya kwa nyanja, kwa mayi wina wa ku Canada, ine ndimangoti Madamu. Amuna awo anamwalira mu Okutobala, mtima unangoima akumanga nsapato. M'nyumba munangoti zii, ana awiri aja anasiya phokoso, Madamu chakudya ankangochiyang'ana, ine ndinkayenda monyang'ama ngati ndili m'chipatala. Disembala atayamba ananyamuka ndi ana kukasiya phulusa la malemu kwawo, koma asanapite anandiitana kukhitchini.

Anati chaka chilichonse bambo aja ankagula mtengo weniweni wa Khirisimasi wotchedwa Douglas fir, chifukwa ndi umene unazungulira nyumba imene anakulira, ndiye ankafuna kuti ana pobwera adzapeze fungo lomwelo. Anandifotokozera kuti masamba ake ndi tisingano tofewa, ukatitikita timanunkhira ngati lalanje, ndipo zipatso zake zouma zimatulutsa timichira ngati mbewa yabisa mutu. Ulipo wobiriwira kwambiri, ulipo wotuwa wa kumapiri, iwo ankafuna wobiriwirawo. Ndikaupeza ndiujambule, ndiwatumizire, avomereze.

Ndikanangoti chabwino, ndani akanandimenya? Koma pakamwa pangapa. Ndinawauza kuti asadandaule, ine ndine wa ku Dedza, ndinakulira m'mapaini, bambo anga ankacheka matabwa, mtengo ndimaudziwa ngakhale nditatsinzina. Zoona zake n'zakuti bambo ankachekadi matabwa, ine ndinkangowapititsira chakudya.

Loweruka ndinapita ku Al Quoz, kuweyahausi kumene mitengoyi imafikira. Mkati mozizira ngati mufiriji, mitengo itamangidwa m'maukonde n'kugonekedwa mndandanda, moti ine wochokera m'nyumba ya maliro thupi linachita tsembwe. Bambo wina wachikulire wa ku Chipata, a Daka, amene amagwira ntchito pamenepo, anandimva ndikudandaula m'Chichewa n'kufunsa ngati angandithandize. Ndinati ayi, ndikudziwa chimene ndikufuna. Ndinatenga sizasi m'chikwama n'kudula ukonde wa mtengo woyamba, nthambi inafwamphuka n'kundikwapula pakamwa, mlomo unatupa nthawi yomweyo. A Daka anaona zonse, ndiye mukuganiza ndikanawafunsanso chiyani?

Ndinayamba kujambula. Chithunzi choyamba munali chala changa, chachiwiri munali mdima, chachitatu chinatuluka bwino koma Madamu anayankha kuti si umenewo, n'kutchula dzina lina la mtengo limene sindinalimvepo. Ndinajambula wina, ayi. Wina, ayi. Kwa ine yonse inali mapaini basi, zala zitauma ndi kuzizira, mlomo ukugunda, ndipo uthenga wawo womaliza unangoti ngati zavuta ndisiye. Mawu amenewo ndi amene anandiwawa.

Potuluka ndinauona utaima pafupi ndi khomo, mudengu lokutidwa ndi nsalu yofiira. Wobiriwira, wodzadza, zipatso zake timichira ta mbewa tili poyera, fungo la lalanje likumveka usanaukhudze n'komwe. Ndinaujambula mbali zonse. Madamu anatumiza mawu, akumveka kuti akulira, kuti ndi womwewo.

A Daka anabwera pang'onopang'ono. “Ba sista, uyo ni disipulei chabe.”

Ine ndinaganiza kuti disipulei ndi mtundu wachitatu wa Douglas fir umene Madamu anaiwala kutchula. Ndinayankha ndi mlomo wanga wotupawo kuti, “Ndikudziwa, ndi mtundu umenewo ndikuufuna. Kwathu ilipo yambiri.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti khalas, ndiye kuti basi zatha, n'kuukweza m'galimoto.

Masiku asanu ndi anayi ndinausamala mtengo uja ngati mwana wodwala. M'mawa uliwonse jagi yodzadza mudengu, pofika masana madzi atha, ine n'kulembera Madamu kuti ukumwa bwino kwambiri. Tsamba ndi limodzi lomwe silinagwe. Kutchalitchi ndinauza amayi anzanga kuti dzanja langa ndi la mbewu. Fungo la lalanje linkachepa, kukubwera lina ngati la thaulo lonyowa, koma ndinati mwina ndi mmene umanunkhira ukazolowera nyumba.

Apaulendo aja anafika Lachiwiri masana. Madamu sanavule n'komwe nsapato, anapita pa mtengo, anatikita tsamba n'kununkhiza zala. Anatikitanso. Kenako analowetsa mkono mkati mwa nthambi n'kutulutsa kamtengo kobiriwira ka perefyumu, kaja ka m'galimoto, kokolekedwa pa waya. Mwana wamkulu anakweza nsalu yofiira ija, pansi panali chitsulo cha miyendo inayi chitachita dzimbiri, chingwe cha magetsi chitapindidwa bwinobwino, ndi kapeti yakuda bii ndi nkhungu. Mtengo wonse unali pulasitiki, wongoonetsera ogula, zipatso zokhazo ndizo zinali zenizeni, zomata ndi guluu.

Wamng'ono anafunsa ngati ili ndilo fungo la adadi. Ine m'malo mokhala chete ndinati, “Koma Madamu, ndakhala ndikuuthirira.”

Madamu anakhala pakapeti yonyowayo n'kuyamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira kwa munthu amene wakhala akudzigwira miyezi iwiri, ana nawo n'kuyamba. Ine nditaima ndi jagi m'manja. Masiku awiri sanandiyankhule kupatula za ntchito, ndipo foni yawo ikalira ndinkangoti ndi tikiti yanga yobwerera kumudzi.

Tsiku lachitatu anati tikwere galimoto, ndiwalondolere ku Al Quoz. Mitengo inali itatha, koma a Daka anafukula kumbuyo kamtengo kamodzi kopindika, mbali imodzi kopanda nthambi, masamba akuyoyoka. Madamu anatikita tsamba, anaika zala pamphuno, ndipo anaima choncho nthawi yaitali osatsegula maso. Tinakatenga komweko.

Tikukweza, a Daka anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu, nkhope ili yachifundo zedi. “Nanga uja munatenga, ba sista, wakulako?”

Ntchito sinathe, kapeti ndiyo inatayidwa. Koma chiyambire tsikulo, munthu akandituma chinthu chobiriwira, kaya ndi letesi, ndimayamba ndachiluma ndisanalipire.