Kamera Yotenga Aliyense

Pulani yonse inabadwira pashabini ya mayi Phoebe ku Chinamwali, Lolemba masana, nthawi imene anthu olongosoka amakhala ali kuntchito. Pabenchi panali amuna atatu ndi chipanda chimodzi cha masese. Wolankhula anali Gilson, amene anthu amamutchula kuti Pulofesa chifukwa anagulitsapo tchipisi pageti la koleji. Womvetsera kukamwa kuli yasa anali Chifuniro wa kabaza, uja amati Mabuleki, dzina limene analipeza chifukwa cha chinthu chimene njinga yake ilibe. Wachitatu, amene anangoti ndwii kuyang'ana pansi, anali Alufeyo wojambula zithunzi, Zumu kwa omudziwa.

Tinene chilungamo, Alufeyo sanali mbava. Chibadwire anali asanabepo ngakhale mango a eni. Chuma chake chonse chinali kamera yakale yomata ndi tepi yakuda pachitseko cha batire, imene ankaitchula kuti Nabanda ngati mkazi wa m'nyumba. Nabanda ndiye ankamudyetsa, ndiye ankamuveka, kuyambira pa zinkhoswe mpaka pa tsiku la omaliza maphunziro. Koma masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo ntchito inali itauma gwa.

Ntchito yaikulu inali itatsala imodzi yokha: ukwati wa Rejoice wa ku Masongola, Loweruka lomwelo, zithunzi zake kukajambulira kuphiri la Zomba. Ndiye msuweni wa mkwatibwi, wochokera ku Blantyre, anamuona Nabanda n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Madzulo ake uthenga unafika pafoni ya Alufeyo: mubwere ndi fulufelemu, apo ayi musavutike n'kubwera.

"Kodi fulufelemuyo ndi chiyani, aise?" anafunsa Mabuleki. "Amadya?"

Alufeyo anausa moyo. Anafotokoza kuti m'kati mwa kamera muli kagalasi kotchedwa sensa, kamene kamagwira chithunzi. Ka Nabanda n'kakang'ono, ndiye kamadula m'mbali: uimike anthu asanu, awiri am'mphepete amatsala kunja. Imeneyo ndiye kuropu. Ka fulufelemu n'kakakulu, kamameza zonse, wam'mphepete yemwe. Mawu amenewa anawalankhula yekha, ndi pakamwa pake, asanaledzere. Muwasunge.

"Kuropu inatha, mani," anatero Pulofesa, akupukuta thovu pandevu. "Ikupita kumene anapita makaseti. Tsogolo ndi fulufelemu, ndipo tsogololo lili pashelefu m'sitolo ya a Hafeez, pafupi ndi chitseko. Ndaliona ndi maso angawa, lili m'bokosi mwake, losatsegula."

Pulani inali yotere. Lachisanu masana a Hafeez amapita kumzikiti kukaswali, n'kusiya mayi Memuna, amene amagulitsa nawo, okha m'sitolo. Zumu alowa ngati kasitomala, aika Nabanda pakauntala kuti aoneke munthu wa ntchito yake, n'kupempha kuyesa kamera yachionetsero, ija yomangirira ndi tcheni. Awauza mayiwo kuti aime awajambule, msana uli kushelefu. Pulofesa alowa chinyawunyawu, anyamula bokosi, ndipo Mabuleki akhala ali panja phazi lili papedulo. Akakumana kuphiri, pamene pamakhala ogulitsa mabulosi.

"Chinthu chimodzi, Zumu," Pulofesa anakweza chala. "Osadina. Ungonamizira basi. Umboni ndi umene umamangitsa anthu."

"Ndamva," anatero Alufeyo. Mumtima ankadziuza kuti kumeneku sikuba, n'kubwereka, Lolemba akabweza. Pulofesa mumtima mwake anali atapeza kale wogula ku Limbe. Mabuleki mumtima mwake munalibe kanthu, ankangodikira chipanda chimufike.

Lachisanu linafika, dzuwa lili phwee. A Hafeez anatuluka atavala mkanjo woyera, nalowera kumzikiti. Alufeyo anadikira kuti akhote pakona, kenako analowa.

Mayi Memuna anali pampando kuseri kwa kauntala, akumwa tiyi. Anabadwira mu Zomba momwemo, ndipo nkhope yawo sinkasintha, kaya munthu wabwera kudzagula kaya kudzangofunsa mitengo.

"Tikuthandizeni, achimwene?"

"Ndimafuna ndione nawo fulufelemu, mayi. Ndikuganiza zosintha." Anaika Nabanda pakauntala.

Mayiwo anayang'ana tepi yakuda ija. "Iyi yagwira ntchito," anatero. "Kuisiya imeneyi simudzalira?"

"Ndi chitsulo chabe, mayi."

Anamupatsa kamera ya tcheni ija. Abale inu, munthu asamanyoze chiyeso asanachigwire m'manja. Chinthucho chinakhala m'dzanja la Alufeyo ngati chinabadwira momwemo. Lenzi yake inali ya mamilimita fifite, yofanana ndendende ndi imene Nabanda wakhala nayo moyo wake wonse. Anawapempha mayiwo kuti aime pakati pa sitolo. Anaima, tiyi ali m'manja.

"Ndikatuluka wonenepa mufufute," anatero.

Pamenepo Pulofesa analowa, akuyenda ndi zala za kumapazi, ngakhale kuti panja pankadutsa lole imene ikanabisa ngakhale phokoso la ng'oma. Alufeyo anagwira kamera pachifuwa, maso ali pa mnzake. Ndipo kuwala kochokera pachitseko kunagwera pankhope ya mayi Memuna, kofewa, kwa mtundu umene munthu wojambula amaudikira chaka chathunthu osaupeza. Chala chinayamba kuyabwa.

Alufeyo ankanyadira chinthu chimodzi pantchito yake: amatha kujambula osasuzumira m'kamera. Thupi lake linkadziwa pamene fifite imayambira ndi pamene imathera. Anayeza ndi diso. Mayi ali pakati, shelefu ili kunja, chitseko chili kunja kwenikweni. Chithunzi chimodzi chokha, anaganiza, chilakwa n'chiyani? Anadina.

Pulofesa anatuluka ndi bokosi m'khwapa. Panja panamveka belu la njinga, kenako mayi wina akukuwa kuti, "Mutipha inu!"

"Tione," anatero mayi Memuna.

Anatenga kamera, n'kudina kabatani kakumbuyo. Alufeyo anasuzumira nawo. Mayiwo anatuluka bwino zedi, ngati mfumukazi. Kudzanja lawo lamanja kunali Pulofesa, nkhope yonse ili mbee mpaka chipsera cha mafuta a tchipisi pachipumi, bokosi m'khwapa, akumwetulira kamera, chala chachikulu chili m'mwamba kusonyeza wojambulayo kuti zonse zili bho. Kudzanja lamanzere, kupyola chitseko, kunali Mabuleki panjinga, nambala ya kabaza ikuwerengeka bwinobwino. Miyeso yonse ija inali ya Nabanda wa kuropu, pamene iyi inali fulufelemu.

Mayi Memuna anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anamwako tiyi.

"Kamera yabwino," anatero. "Imatenga aliyense. Anzanuwa nawo afuna kopi?"

Miyendo ya Alufeyo inaganiza yokha, ndipo anazindikira ali kale kuseri kwa msika.

Njira ya kuphiri ija, amene anaikwerapo wapansi akuidziwa. Imakhota, n'kukhotanso, ngati ikuchita dala. Alufeyo anawapeza anzake asanafike n'komwe pamalo a pangano: Mabuleki akukankha njinga, thukuta lili kamukamu, Pulofesa atakhala pakaliyala, bokosi pamiyendo, chifukwa iye ndi amene anabweretsa nzeru. Analowa m'nkhalango ya paini, nakhala pachitsa. Anyani awiri anasendera kudzaonerera.

"Koma bokosili likupepuka, aise," anatero Mabuleki.

"Ndiwe mbuli," anayankha Pulofesa. "Makamera amakonowa anachotsamo kalirole wam'kati. Tsogolo n'lopepuka."

Anatsegula. Munali lamba wokolowekera kamera m'khosi, kabuku ka malangizo, ndi kathumba ka timibulu toyamwa chinyontho, kolembedwa kuti osadya. A Hafeez, monga aliyense wa sitolo amene anaberedwapo, ankaika pashelefu mabokosi okhaokha. Katundu weniweni ankagona m'kabati yokiya. Mabuleki anatenga kathumba kaja, n'kukanunkhiza, n'kukaika m'thumba poti mwina n'kodula.

"Palibe vuto," anatero Pulofesa. "Chachikulu n'chakuti palibe umboni. Sunadine eti, Zumu?"

Alufeyo anayang'ana anyani.

"Zumu. Sunadine eti?"

"Kuwala kunali bwino," anatero Alufeyo.

Pulofesa analankhula mawu ambiri amene sitingawalembe pano, ena m'Chiyao poona kuti Chinyanja chachepa. Koma Alufeyo sankamva. Dzanja lake linali litapita pachifuwa, pamene pamalendewera Nabanda tsiku lililonse, n'kugwira malaya okha. Anamusiya pakauntala. Anamusiya pamaso pa anthu, atangomaliza kumunena kuti ndi chitsulo chabe. Chisoni chinamugwira, chenicheni, choposa mantha a apolisi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo iye wake anali atamutaya chifukwa cha bokosi la mphepo.

"Ndikupita kukamutenga," anatero, naimirira.

"Wapenga? Akakumanga!"

"Andimange. Popanda Nabanda ndikadya chiyani, mitengoyi?"

Pulofesa anaganiza mofulumira, zimene zakhala zikumuvulaza moyo wake wonse. Zumu akapita yekha akaulula. Bola apite onse, akabweze bokosi, akanene kuti analitola panja n'kumafunafuna mwini wake. Mwina n'kulandirako kangachepe kothokoza. Za chithunzi chija, iye monga Pulofesa akafotokoza kuti masiku ano makompyuta amatha kuika nkhope ya munthu paliponse.

Kutsika kunali kofulumira. Anakwera onse atatu panjinga imodzi, ndipo aliyense anakumbukira mochedwa chifukwa chimene Chifuniro amamutchulira dzina lija. Anadutsa ogulitsa mabulosi ngati mphepo. Pakona ina analowa m'munda wa chinangwa, n'kutulukira mbali ina ali ndi masamba m'tsitsi. Bokosi lokha ndi limene linafika m'tauni lopanda bala.

Pasitolo panali chikhamu cha anthu. A Hafeez, atabwera kumzikiti n'kumva nkhani, sanakalipe. Iwo ndi munthu wa malonda. Anasindikiza chithunzi chija kukula ngati chitseko cha kabati, n'kuchimata pagalasi la zenera, pansi pake atalemba ndi inki yofiira: FULUFELEMU, IMATENGA ALIYENSE. Anthu ankaloza, ena ankachijambula ndi mafoni awo. Kamera imene inakhala miyezi osaifunsa munthu inali itafunsidwa mtengo kangapo masana omwewo.

"Ndi awo!" anakuwa mayi wina wogulitsa nthochi. "Wa chala uja ndi uyo! Tachitaninso chala chija, achimwene!"

Pulofesa anakonza kolala, nayandikira a Hafeez. "Bwana, ife tatola bokosi ili, ndiye tinati mwina n'lanu."

"N'langadi, zikomo," anatero a Hafeez. "Kathumba ka m'katimo kali kuti?"

Mabuleki anakatulutsa m'thumba mwake n'kukapereka ndi manja awiri.

"Nanga Nabanda, bwana?" anafunsa Alufeyo. "Kamera yanga ija?"

"Ili ndi mayi awa," anayankha a Hafeez, akuloza wapolisi amene anali ataima pakhomo nthawi yonseyo, manja kumbuyo. Anali a Sajeni Mwanamvua, ndipo Nabanda anali akulendewera paphewa pawo.

"Fote yakwana, anyamata," anatero a Sajeni. "Koma inu ndiye mwandipeputsira ntchito. Ena timachita kuwasaka."

Kupolisi anawaimika atatuwo pakhoma, m'kachipinda kothina, kuti awajambule limodzi ndi bokosi. A Sajeni anatulutsa foni, foniyo n'kunena kuti yadzaza. Anaiyang'ana mokhumudwa, kenako anatenga Nabanda patebulo.

"Imayaka imeneyi?"

"Mugwire tepiyo ndi chala, mayi," anatero Alufeyo. "Batire imafuna kuikankha pang'ono."

Nabanda anayaka. A Sajeni anasuzumira. Anabwerera m'mbuyo, anabwereranso, mpaka msana unagunda kabati.

"Simukukwanamo nonse."

"Ndi kuropu imeneyo, mayi. Imafuna malo."

"Malo ake ndi amenewa," anatero a Sajeni, nadina.

Anatembenuza kamera kuti aone, ndipo atatuwo anasendera. Za Pulofesa munangolowa khutu. Za Mabuleki munalowa chigongono. Pakati, yekhayekha, bokosi lopanda kanthu lili m'manja, masamba a chinangwa ali m'tsitsi, panali Alufeyo.

"Waona?" ananong'oneza Pulofesa. "Ukanajambula ndi imeneyi bwenzi tili kwa mayi Phoebe pano."

Alufeyo anangoyang'ana a Sajeni akukulunga lamba, n'kumuika Nabanda m'kabati ya katundu wa umboni, n'kukiya. Loweruka lake Rejoice anakwatiwa kuphiri, ndipo msuweni wa ku Blantyre uja anajambula ukwati wonse ndi foni. Alufeyo nkhaniyi anaimvera m'chitokosi, ndipo sinamupweteke kwenikweni. Chimene chinkamuliza chinali chithunzi chija. Nabanda chiyambire anali asanaperekepo munthu wam'mphepete, ndipo tsiku limenelonso anzake a Alufeyo onse anawabisa. Anangoonetsa mmodzi yekha, amene anamusiya pakauntala.