Mphambano ya Mudzi Uno Ndine

Lolemba

Alangizi a zaumoyo atisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Akuti katemera wa chifuwa chija chavuta ku Ulongwe wafika, koma ndi wochepa, sakwanira tonse. Ena tidikira ulendo wachiwiri.

Ndiye ayamba ndi ndani? Akuti sayang'ana udindo. Ayenda khomo ndi khomo ndi funso limodzi: "Masiku ano mukukumana ndi ndani kawirikawiri?" Otchulidwa ndi anthu ambiri ndi amene abayidwe Loweruka. Matenda akuti amakwera anthu oyendayenda, ndiye ukatchinga iwowo watchinga mudzi.

Anthu kukamwa yasa! Ine ndamva msanga. Ndinagwira ntchito ya ukapitawo panjanji pa Nkaya mpaka mutu kuyera. Ya ku Limbe, ya ku Salima, ya ku Nayuchi, zonse zimakumana pamenepo. Ukatseka mphambano, palibe sitima idutse. Ndaimirira, ndafotokoza zimenezi pang'onopang'ono. Alangizi: "Akapitawo anena ndendende." Pamaso pa anthu!

Nanga mphambano ya mudzi uno ndi ndani? Sindifuna kudzitama. Ndangochapitsa malaya a manja aafupi, jakisoni asadzavute.

Lachiwiri

Zifukwa zoti anthu anditchule:
- zolengeza za kutchalitchi ndinkanena ndine
- ndinakhalapo wapampando wa mjigo
- nyumba yanga ili m'mbali mwa msewu
- chipewa changa amachidziwa aliyense

Alangizi ayambira kumtunda. Ndakhala pakhonde tsiku lonse kuti odutsa azindiona. Odutsa: mbuzi zinayi, wakabaza mmodzi. Wakabazayo waimba belu. Ndiye kuti wandiona.

Kumtunda akuti akutchula Che Saidi a pachigayo. Chigayo! Malo oti munthu sumva ndi moni womwe chifukwa cha injini.

Lachitatu

Alangizi afika pano m'mawa. Ndaganiza mofatsa, ndadzitchula ndekha. Akuti sizololedwa. Basi ndatchula a Makwinja, oyandikana nawo, anzanga a bawo.

Atachoka ndafunsa a Makwinjawo kuti iwo atchula ndani. "Abiti Juma, a mandasi pasiteshoni." Nanga ine? "Inu akapitawo, bawo tinasewera komaliza chimanga chisanache." Ndawerenga miyezi pa zala. Ndi zoona, koma si zonena.

Ndaliona vuto. Anthu sakundikana iyayi, angoiwala. Njanji ikakhala osayendapo sitima imamera udzu. Udzuwo ndiudula ndekha.

Ndayambira kwa a Nasiyaya. Kuli mlendo wochokera ku Ulongwe, wagona m'nyumba, akutsokomola. Ndalowa kukamuona, munthu wodziwika salambalala wodwala. Ndi wokonda nkhani za sitima. Ndakhala naye mpaka dzuwa kupendeka.

Mayi a m'nyumba muno sindinawaone bwino lero. Kumsika ndi matemba awo a ku Chiuta, kuchoka uko kukwaya, kuchoka kukwaya kukaphika pamaliro. Ndawauza kuti munthu wamkulu azikhala pansi. Sanamve, anali atatuluka kale.

Lachinayi

Jekete, chipewa, ndodo. Khomo ndi khomo!

Paliponse moni wa manja awiri, kukhala pamkeka, kufunsa za ana. Sindikupempha munthu kuti anditchule, ine si wandale. Ndikungoti potsanzika, "Mwandiona lero, eti?"

Makomo: ndasiya kuwerenga atakwana makumi awiri.
Thobwa: makapu asanu ndi limodzi.
Agalu: awiri, mmodzi wamwano.

Kwa Che Saidi ndalonjera m'Chiyao. Akondwa, andiikira mpando pafupi ndi injini. Zimene tacheza sindinazimve, koma amayi onse odzagayitsa andiona.

Miyendo ikuwawa. Palibe kanthu.

Lachisanu

Ndamaliza makomo a kumunsi. Pakhosi pakukanda pang'ono. Ndi fumbi la pachigayo.

Masana alangizi awerenga mayina pasukulu. Ndakhala kutsogolo. Che Saidi alimo. Abiti Juma alimo. Wakabaza wa belu uja alimo. Ndipo woyamba pa onse, amene watchulidwa ndi pafupifupi mudzi wonse, ndi mayi a m'nyumba mwanga muno!

Ine mulibe. Ndafunsa mwaulemu ngati pepala lili ndi tsamba lina. Alangizi: "Kufunsa ndinamaliza Lachitatu masana, bambo." Lachitatu masana! Ndiye makomo onse aja ndimayendera ndani?

Kunyumba ndafunsa mayiwa kuti iwo anatchula ndani. Akuti kondakitala wa minibasi imene imawatengera matemba. Zaka zonsezi tili m'nyumba imodzi! Iwo: "Inu ndimakuonani, koma kukumana ayi. Mpando wa pakhondewo unganditchule?"

Komabe woyamba wachokera pakhomo panga. Amene anamufunsira mbeta ndine. Diso ndinali nalo.

Loweruka

Ndavalabe malaya aja, ndawaperekeza mayiwa. Mwina wina sabwera, mpata upezeka.

Pamzere ndatsokomola kamodzi. Kachiwiri. Kachitatu mpaka chipewa kugwa. Anthu apatuka ngati kukubwera sitima.

Alangizi andikokera pambali, andiyeza kutentha, nkhope yasintha. "Sabata ino mwakumana ndi ndani?" Ha! Funso limene ndakhala ndikulidikira. Ndayamba ndi mlendo wa a Nasiyaya, kenako khomo lililonse mwa ndondomeko yake, osadumpha ndi limodzi lomwe. Mutu wanga ukadali bwino. Alangizi alemba dzina langa pamwamba pa pepala latsopano, akoka mizere kupita ku makomo onsewo. Pepala ladzaza, atembenuza, ladzazanso.

"Akapitawo, mwatani kodi?" Agwira m'chiuno.

Katemera akuti wodwala sabayidwa, ndidikire ndichire. Ndikhale m'nyumba masiku asanu ndi awiri, opanda mlendo, opanda moni wa dzanja. Makomo ndinayenda aja awayenderanso iwo mawa, limodzi ndi limodzi, tsiku lawo lopuma.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nyimbo ndikuzimvera pazenera. Mayiwa asamukira chipinda china, phala akundisiyira pakhomo, nkugogoda ndi ndodo yanga yomwe.

Mpaka pano sindinamve kuti kwina kwayamba chifuwa. Ndapemphera kuti zikhale choncho, makamaka kwa a thobwa aja. Anandilandira bwino.

A Makwinja akuwa ali kuseri kwa mpanda: "Akapitawo, mudzi wonse tsopano ukutchula inu!" Zimene akunditchulazo sindinafunse.

Malaya ndapinda, ndabwezera m'sutikesi. Dzina langa lili pamwamba pa pepala. Pepala lake ndi lina, inde, koma pamwamba pomwepo.

Ndatsekedwa basi. Pa Nkaya sitinkavutika kutseka kanjanji kothera kutchire. Tinkatseka mphambano.