Dzino la Mkuwa ndi Dzino la Zinki

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope, osati kumang'ung'udza kuseri kwa njinga ngati mukuchitiramu. Inu a chipewa chofiira, foniyo ilowe m'thumba, ndakuonani kalekale, ndipo amene wakutumani kudzandijambula mukamuuze kuti simunandipeze. Enanu senderani kuno.

Chaka chimene ndinagwa pa thirakitala ya kuesiteti ya tiyi ndinaguluka mano awiri akutsogolo, mkazi wanga Esinati n'kumati ndikaseka nkhuku zikuthawa, ndiye ndinawoloka malire kupita kwa mmisiri wina wa mano kutsidyako, munthu wa maso othamanga amene sindinamukhulupirire chimuonereni, iye n'kundiika dzino limodzi la mkuwa, mkuwa n'kumuthera, linalo n'kungosula la zinki, chitsulo chotuwa chija amakutira malata kuti asachite dzimbiri. Pobwerera ndinagula chinanazi chosapsa bwino pa Limbuli pompano. Kungoluma kamodzi, lilime linanjenjemera, tsitsi n'kuima njo, wailesi ya wogulitsa zinanaziyo, imene inafa kalekale ndipo ankangoikhalira ngati mpando, n'kuyamba kulalikira. Mukumva?

Ine sindinadabwe nthawi yaitali, poti ndakalambira kugalaja ya esiteti ndikuthira asidi m'mabatire. Zitsulo ziwiri zosiyana, pakati pake madzi owawasa, basi batire lakwana. Zikakhala zofanana, mkuwa ndi mkuwa, zimangoyang'anana patali ngati munthu ndi apongozi ake, palibe chochitika. Koma zikasiyana mphamvu china chimapereka, china n'kumalandira, ndipo kusiyanako kukakula moto nawo umakula. Msomali ndi mkuwa ndi kamoto ka chiphaniphani, koma zinki ndi mkuwa ndiye nkhani ina. Ndinali batire loyenda ndi miyendo.

Ndikawonjeza mandimu, njinga yanga inkakwera mtunda wa ku Chambe yokha ine nditapinda miyendo, ndipo tsiku lina magetsi atathima pa Milonde, amayi ali mbwee pachigayo ndi matumba awo, ndinadya zinanazi zisanu ndi ziwiri, mandimu odzaza lichero, bwemba pamwamba pake, n'kuluma waya wa chigayocho, icho n'kugaya chimanga chonse, n'kugaya matumba omwe, n'kuyamba kukoka chimanga chosakolola m'minda ya anthu, ufa n'kukwera m'mwamba kukakuta phiri lonse, ndipo umene mumauona m'phirimo n'kumati ndi mitambo ndi mgaiwa wanga. Mukumva? Ndikulumbira pali manda a mayi anga!

Tsono ine kwathu n'kwina, pamudzipo ndinali mkamwini chabe, ndipo a Mukhweya, amalume ake a Esinati, ankandiwerenga ndi mapazi omwe. Mphenzi itagwa pakhola pawo n'kupha mbuzi zitatu, iwo sanayang'ane kumwamba, anayang'ana ine. Anasonkhanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango dzuwa likuswa mtengo.

"Akamwini," anatero a Mukhweya, "mumayenda n'kumalengeza kuti mukusunga moto m'kamwa. Mbuzi zanga mwaziona. Woweta mphenzi sagona pamudzi pano. Mutenge bulangete lanu muzipita, mkazi ndi ana ndi athu."

Ndinachita mantha, sindibisa, chifukwa Esinati ndinkamukonda zosati masewera. Ndinaganiza zowaonetsa kuti si mankhwala ayi, ndi zitsulo basi: ndiyatse babu ndi pakamwa, kenako nditseke dzino limodzi ndi chala, babu lizime onse akuona. Nanga ilipo mfiti imene imazimitsidwa ndi chala? Ndinaika babu pamlomo, n'kuluma chinanazi ndi mphamvu zanga zonse. Zii. Ndinangomva khwapu, kenako mchenga palilime, dzino la zinki laphwanyika ngati chikhungwa cha dzira. Ndinali nditaiwala, ine wa kugalaja, kuti chitsulo chopereka, zinkiyo, ndicho chimadyeka, ndipo chigayo chija chinalimaliza m'kati. La mkuwa linali phee, likunyezimira, silinatayepo kanthu.

"Wabisa!" anakuwa a Mukhweya.

Anaitana amayi aja a kuchigayo, koma onse anakana kwamtuwagalu kuti sanandionepo, poti pa mlandu wa ufiti palibe amafuna kukhala mboni. A Mukhweya anandizungulira kawiri, akusuzumira m'kamwa mwanga.

"Sankhani nokha, akamwini. Kaya ndinu mfiti yobisa moto, kaya ndinu wabodza wopanda kanthu m'kamwa. Wabodza timakhala naye."

Esinati anandiponda chala chakuphazi, maso ali pansi. Anaponda mwamphamvu.

Ndinaimirira, mtima ukuwawa kuposa usinini, n'kunena kuti zonse ndinachita kupeka, wailesi sinalire, chigayo sichinagaye, chinanazi ndi chinanazi basi. Mbumba inaseka mpaka misozi, a Mukhweya anati ndikhale, ndipo kuyambira tsikulo dzina langa ndi lomwe mukunong'onezanalo. Esinati ndili naye mpaka lero, zidzukulu zadzaza bwalo. Koma mudziwe, inu a maso okayikanu, kuti moyo wanga wonse bodza ndinanenapo limodzi lokha, ndipo ndi lomwelo la pansi pa mtengo wa mango.