Fanuwelo ndi Masewera a M'makutu

Tachotsani kaye tizingweto m'makutu, ana inu, ndikuuzeni m'mene mwambi uja unayambira. Kusukulu akuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Asiyeni. Unayambira pa Mitundu pompa, ndipo mwini wake ndi amene ankandiikira nyimbo m'foni.

Dzina lake linali Fanuwelo. Anali ndi kashopu koika nyimbo m'mamemore, ndipo anali munthu wodziwa zinthu asanauzidwe. Ukamamufotokozera kanthu, iwe udakali pakati, iye wanena kale kuti, "Ndamva, ndamva." Ine ankandinyansa nazo.

Mnyamatayu anakonda Esinta, mtsikana wokulira kwa amalume ake, a Mbalule. A Mbalule anali osaona chibadwire, alimi a njuchi, ndipo popanda mawu awo Esinta sakanakwatiwa ndi munthu. Chimene ankakonda mkuluyu ndi masewera a pafoni osewera ndi makutu okha. Galimoto ikalira kumanzere, iwe ukhotera kumanja. Mdani akaponda masamba kumbuyo kwako, utembenuke msanga. M'foni yawo yolankhula munali masewera ambirimbiri, osakanikirana ngati nyemba ndi miyala.

"Bambo, ndamva kuti ndinu katswiri," anatero a Mbalule tsiku lina Fanuwelo atapita kukacheza kwawoko. "Mundisanjire masewerawa m'mafoda. Ankhondo paokha, ampikisano paokha, oopsa paokha, andagi..."

"Ndamva, ndamva, amalume."

Pomuperekeza, Esinta anati, "Bwanji muwafunse kaye kuti awa ndi ati, awo ndi ati?"

"Kufunsa n'kwa ana a sitandade wani," anayankha Fanuwelo.

Kusewera masewerawo sankatha, ndipo kunena kuti satha sankafuna. Choncho anapeka nzeru yakeyake. Ankatsegula sewero, kumva phokoso loyamba, basi waweruza. Lina linayamba ndi mvula yowaza pamalata, iye n'kuliika m'foda ya Zogonetsa. Lina linayamba ndi tambala, n'kuliponya ku Zaulimi. La mpikisano wa galimoto linayamba ndi belu, linapita ku Zauzimu. Anapeza anayi oyamba ndi munthu kukonza kukhosi, n'kuwatsegulira foda yawoyawo, Zachifuwa. La bawo linayamba mwakachetechete, poyembekeza kuti munthu atape. Fanuwelo anati lawonongeka, n'kulifufuta.

Mawa lake masana a Mbalule atadya, anagona pamkeka pansi pa mango n'kutsegula Zogonetsa. Mvula inawaza bwinobwino. Kenako mtsinje unasefukira, ng'ona n'kuwafwenthera kuseri kwa khutu lamanzere. Mkuluyo anadzambatuka, n'kuponda mchira wa galu, galu n'kuthamangitsa mbuzi, mbuzi n'kukagunda mng'oma wa njuchi. Tsiku limenelo mudzi wonse unathawira m'nyumba. Ku Zaulimi a Mbalule anapeza tambala akulira kamodzi kokha, kenako mizinga. Ku Zauzimu anawombedwa ndi lole. Zonsezi anaseka. Koma atafuna bawo lawo, limene ankagonjetsa nalo anzawo osaona a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, n'kupeza mulibe, mtima unawapweteka zedi.

Komabe anali munthu wodekha. Anati mnyamatayo abwere Loweruka, adzanene yekha ndi pakamwa pake chimene akufuna pakhomopo.

Fanuwelo anafika atavala jekete, njala itamugwira chifukwa chopalasa njinga. Anamukhazika pakhonde, Esinta n'kupita kukaitana amalume ake kuming'oma. Pambali pa mpando panali mbale yodzaza tizidutswa tachikasu, todulidwa bwino, tonunkhira uchi. Linali phula lofinyidwa kale, loyembekeza mayi wopanga makandulo. Mwana aliyense wa pamudzipo akanamuuza. Iye anangoti, "Andikonzera maswiti," n'kuponya atatu m'kamwa. Anatafuna, osatha. Anati mwina kukoma kuli mkati, n'kuwonjezera awiri. Atamva ndodo ya a Mbalule ikugogoda, analuma mwamphamvu kuti ameze msanga. Mano apamwamba ndi apansi anagwirana ngati awotcherera.

A Mbalule anakhala pansi, Esinta n'kugwada chapatali.

"Za bawo langa tikamba tsiku lina," anatero mkuluyo. "Lero ndikufunsani chimodzi. Kodi mwana wanguyu mukumufunadi?"

Fanuwelo anagwedeza mutu.

"Bambo, ndafunsa."

Anagwedeza kwambiri, mpaka thukuta kamukamu. Anaika dzanja pamtima. Analoza Esinta, n'kuloza kumwamba. Koma inu mukudziwa, kugwedezera mutu munthu wosaona n'chimodzimodzi kuvinira kuseri kwa nyumba.

"Esinta, mlendo uja wapita?"

"Alipo, amalume."

"Akuti chiyani?"

Mtsikanayo anayang'ana mbale ija, n'kuyang'ana masaya otupa a Fanuwelo. Akanatha kumupulumutsa ndi mawu awiri. Koma anakumbukira kuti munthuyu, chiyambireni kumuperekeza kuchigayo, anali asanamufunsepo iye mwini ngati akumufuna. Fanuwelo anangouza anzake kumsika kuti ukwati uli mu Okutobala.

"Sakunena kanthu, amalume," anatero Esinta mofatsa.

A Mbalule anadikira pang'ono, khutu litatcheredwa. Chimene anamva ndi kupuma kwa m'mphuno ndi kumeza malovu.

"Ine dziko ndimalimva ndi makutu," anatero. "Mwamuna wolephera kunena eya pa nkhani yotere sindingamupatse mwana. Muyende bwino, bambo."

Fanuwelo anakankha njinga mpaka pa Mitundu, misozi ili mbwembwembwe, osatha ngakhale kuyankha moni. Pakamwa panatseguka madzulo, atamumwetsa madzi otentha. Mawu oyamba kutuluka anali funso, loyamba m'moyo wake wonse.

"Kodi chinali chiyani chija?"

Mayi wogulitsa tiyi, amene anamuthandizayo, anamuuza. Ndipo pofika Lolemba msika wonse unali ukunena kuti, safunsa anadya phula.